Nkhope Yanga pa Botolo

Wokondedwa mwana wanga,

Chisomo ndi mtendere zikhale nawe, pamodzi ndi mwamuna wako ndi adzukulu anga. Kodi chifuwa chija chinamleka wamng'onoyo? Ife kuno Ambuye akutisungabe. Amayi ako miyendo ndiyo ikuwavuta. Ine shuga wagona, pakuti ndikumvera dokotala, amene anandiletsa vinyo ngakhale dontho.

Chimene ndikulemberachi chikukhudza mlongo wako, ndipo ndikuopa kuti chikukhudzanso iwe.

Ukudziwa kuti lesitilanti yake ya pagombe ikuyenda bwino. Mlamu wako amaphika nsomba za msodzi wandevu uja, naika patebulo tchizi cha mayi woweta mbuzi ndi uchi wa mnansi wathu wanjuchi. Pakati pake pamaima botolo lathu la vinyo, ndi chizindikiro chimene unajambula iwe: nkhope yanga, dengu m'manja, ndi mawu akuti mphesa zake n'za m'munda mwanga mokha. Loweruka amandiveka jekete, nandikhazika pazenera ndi kapu ya madzi, kuti alendo aone mwini nkhopeyo.

Koma taona, matalala anatikantha chaka chatha, natikanthanso chaka chino. Mipesa ya kumunsi inapsa ndi mphepo yamchere, ndipo ndinaizula ndi manja angawa. Zimene tinaponda sizinadzaze migolo yokwana zala za dzanja limodzi. Komabe vinyo sakutha, ndipo tsopano akupezeka m'malesitilanti ena a m'gombe muno. Msodzi anandifunsa akuseka ngati ndinatsegula munda wina pansi pa nyanja. Ndinaseka naye, koma mtima wanga sunaseke.

Nditamufunsa mlongo wako, anati Mulungu wadalitsa, nafunsa ngati ine wolalikira madalitso ndayamba kuwakayikira. Ndinamuyankha kuti wosandutsa madzi kukhala vinyo ndi Mmodzi yekha, ndipo sanabadwire m'nyumba mwanga. Anandisisita paphewa, nati ine ntchito yanga ndinaitsiriza, zotsala ndisiyire ana. Sabata lomwelo loko wa chipinda cha migolo anasinthidwa. Akuti kwachuluka akuba. Kiyi sanandipatse.

Wanjuchi sapemphera, ndipo kwa nthawi yoyamba kusapemphera kwake kwandipindulira. Iye akuti lole ya thanki imalowa pabwalo pathu Lamulungu m'mawa, ife tili m'tchalitchi. Ndikudziwa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, chifukwa chake ndinapita kukaona ndekha. Ndinapeza nthambi ya mkuyu wa pachipata itathyoka, ndi mapazi a matayala aakulu kufika pakhomo la chipindacho. Mlongo wako akuti ndi madzi otsukira mabotolo. Chitsime chathu sichinaphwepo chibadwire iye.

Amayi ako akuti ukalamba wandimeretsa maso kunkhongo, ndileke kupisa m'thumba la mwana. Ndinawauza kuti galu wamkota sakandira pachabe. Iwo anati galu wamkota amauwanso mthunzi wake. Koma ndi iwo omwe anaona kuti mlamu wako masiku ano amandiikira nsomba yaikulu koposa, ndipo poika mbaleyo sandiyang'ana.

Loweruka lapitali ndinachimwira dokotala. Mlendo wina anasiya botolo lisanathe, ndipo ndinathira pang'ono m'kapu yanga, ndi kulawa.

Mwana wanga, vinyoyo ndi wokoma. Amatsika mofewa ngati mafuta. Wathu sanakhalepo wotero, ngakhale m'zaka zabwino. Wathu amakanda pakhosi, nasiya kamchere palilime. Ukukumbukira mmene unakwinyira nkhope tsiku la ukwati wako. Ndikali ndi kapuyo m'manja, mlendo uja anabwerera kudzatenga chipewa chake, nandigwira chanza, nati manja awa ndi odala. Ndinalandira chiyamiko cha mlimi wina amene sindimudziwa. Pakamwa panga sipanatuluke bodza, koma nkhope yanga inachita umboni, ndipo ine ndinailola.

Tsopano ndifike pa iwe. Zizindikiro za mabotolo zimasindikizidwa kwanuko, ndipo amene amazitumiza ndiwe. Kodi kuchuluka kwake sikunakudabwitse? Tsiku lija pafoni, nditatchula za matalala, unafulumira kundipatsa mwana kuti andiimbire nyimbo ya kusukulu. Kapena zinangochitika. Sindikukuweruza, ndikufunsa. Ngati mlongo wako anakuuza kanthu, nakupempha kuti ubisire nkhalamba poopa shuga wake, dziwa kuti kubisako ndiko kukundidwalitsa.

Kumapeto kwa mwezi uno kukubwera a bungwe la alimi a chigawo chino, amene amapereka chikwangwani chija cha pakhomo, chonena kuti zodyedwa muno n'zolimidwa konkuno. Chikwangwanicho si chathu tokha. Chikudyetsanso msodzi, wanjuchi, ndi mayi wa mbuzi, amene ndi wamasiye. Nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Alendo akaleka kukhulupirira botolo, adzalekanso kukhulupirira tchizi.

Mlongo wako akufuna kuti tsikulo ndidzaime ndi kulankhula. Ndamuuza kuti patebulo sindidzanena kanthu, koma ndidzawatsogolera a bungwewo kumunda aone mipesa yotsala, ndipo pambuyo pake adzatitsegulire chipinda cha migolo. Iye anati kumundako kuli matope. Mvula sinagwe mwezi wonse.

Chifukwa chake ndikupempha, mwana wanga. Iwe amakumvera kuyambira muli aang'ono. Muimbire foni lisanafike tsikulo. Muuze kuti kugula vinyo kwa ena si tchimo, ngati anena poyera kuti wagula. Achotse nkhope yanga, alembe dzina la mwini mphesa, ndipo ndidzakhala pazenera paja mokondwera, ndi kuuza alendo kuti wa chaka chino waposa wanga. Ngati ndamuganizira zoipa pachabe, andipatse kiyi, ndipo ndidzagwada pamaso pake ndi pamaso pa mkazi wake, mawondo anga olimbawa. Indetu ndikulakalaka nditagwada. Koma akapanda kuchita chimodzi mwa ziwirizi, kumunda ndidzapita nawo ndithu, ngakhale chikwangwani chichotsedwe ndipo mwana wanga aleke kundilankhula.

Zizindikiro zina usatumize kufikira utandiyankha.

Ambuye akusunge, nakuwongolere lilime polankhula naye. Undiperekere moni kwa mwamuna wako ndi kwa apongozi ako, ndipo adzukulu anga uwapsompsone. Amayi ako akupereka moni. Akuti ndikuuze kuti iwo m'nkhaniyi mulibe, koma envelopu agula ndiwo.

Ndine bambo ako wokukonda,
Mwini nkhope ya pabotolo