Fupa la Mlendo M'mwendo wa Darlene

Albuquerque
Lachiwiri, 14 Okutobala 1986

Achemwali a Verna,

Bambo ake a Darlene akuti Loweruka amutulutsa mwana m'chipatala muno, chotupa chikadali m'mwendo. Adokotala akuti akachoka chonchi safika chilimwe cha chaka chamawa. Ndiye kuti ngakhale kumeta nkhosa sadzakuona.

Pepani ndayamba popanda moni, mutu sukugwira. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, maso aja akuona? Kalatayi musawawerengere yonse.

Nkhani ili chonchi. Chotupa chija chili m'fupa la pansi pa bondo. Akufuna kudula chidutswa chotalika ngati dzanja langa, ndiye pakhala mpata. Ndinafunsa chimene adzatsekerepo. Womasulira, mtsikana wa kwathu komweko, anayamba wayang'ana pansi, kenako n'kundiuza kuti ndi fupa la munthu wakufa. Amawasunga mufiriji, achemwali, ngati nyama.

Bambo akewo, a Delbert, atamva anatuluka panja, osabwerera mpaka madzulo. Akuti mwana wawo sangamayende atanyamula maliro m'thupi. Akuti ife pamwambo wathu munthu akafera m'nyumba timaisiya osalowamonso, nanga mwanayu tidzamusiya kuti? Akutinso mwini fupa adzabwera kudzalifuna.

Ine ndinati atenge langa. Adokotala anakana, akuti kwa munthu wamoyo sachotsa lalikulu choncho. Ndinati nanga kafupa ka mwendo wake winawo, akuti n'kowonda ngati bango, kangathyoke. Chatsala n'kudula mwendo pamwamba pa bondo. Izinso bambo ake sakufuna kumva, akuti munthu amapita wathunthu monga anabadwira. Ndikawafunsa kuti ndiye akufuna chiyani, amati ndasanduka mzungu chifukwa chogona pampando wa azungu.

Mayi wina wachizungu, mwana wake ali pabedi loyandikana nafe, anandiuza kuti ndisadandaule, n'chimodzimodzi kusintha chitsulo cha galimoto. Ndinangoseka kuti asakhumudwe.

Sindikunamizeni, nanenso fupalo likundiopsa. Ndikaganiza kuti ndizidzasambitsa mwendo umenewo, manja amandizizira. Ndipo adokotala sakulonjeza kanthu. Akuti fupalo likhoza kukana kulumikizana ndi lake, likhoza kuchita mafinya, komanso matendawa akhoza kudzatulukira m'mapapo ngakhale zonse zitayenda bwino. Kulikonse ndikayang'ana n'kotseka.

Darlene anamva zonse, ife tinkayesa wagona. Dzulo anandifunsa ngati mwini fupalo ankathamanga kwambiri, akuti akufuna akamupose Leland wanu pobweza nkhosa. Ndinathawira kubafa kuti asandione nkhope. Tsitsi lake latha lonse ndi mankhwala. Zakudya za kuno akukana, akungofuna msuzi wa nkhosa wa agogo ake.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Pitani kuphiri kwa amalume a Kee, odziwa nyimbo zochiritsa aja. Mwanayu ndi wa mtundu wathu, si wa a Delbert, ndipo amalume akalankhula iwo sangatsutse. Muwafunse ngati ilipo nyimbo yoyeretsa fupa la mlendo, kapena yomuyeretsa mwana akamuika fupalo. Ngati palibe, adzanene okha pamaso pathu tonse. Ine ndekha sindingasankhe, achemwali. Ndikalola, mwina anthu azidzamuthawa mwana wanga pakudya. Ndikakana, ndamupha ndi pakamwa panga.

Kalatayi ndapatsira a Chee oyendetsa lole ya udzu, ifika mawa. Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Leland musamuuze za tsitsi.

Ndine mng'ono wanu,
Arlinda

Amalume akati msewu ndi woipa, ingowakwezani galimoto mubwere nawo. Nkhosa musiyire aliyense. Musadikire Loweruka, a Delbert aika kale bulangete logonekapo mwana kumbuyo kwa galimoto. Bwerani, achemwali, bwerani msanga.