Nyale Yomwe Inadya Uvuni wa Amayi

Kairouan,
14 Januwale 2009

Okondedwa achimwene a Moncef,

Khalani kaye pansi. Bambo sachotsedwanso ntchito!

Paja ndinakuuzani kuti a Hedi, eni fakitale ya makapeti, ankati maso a bambo atha. Chikhalire bambo amasankha ulusi pakhomo, padzuwa, koma nyumba yatsopano ya fakitaleyi ilibe mazenera, ndipo pansi pa magetsi ake achikasuwo chofiira chilichonse chimaoneka chimodzimodzi. Atasokoneza ulusi kawiri anawauza kuti mwezi ukatha akapume.

Ndiye ine, mlongo wanu wamagetsi amene munkamuseka uja, ndinakabwereka nyale ya sulufa kwa abwana anga. Kababu kake n'kochepa ngati dzira, kopanda waya m'kati. Kamangozungulira, mafunde onga a mu uvuni wa mayikulowevu n'kumakamenya.

Lolemba tinayatsa, nyale n'kuyamba kulira. A Hedi akuti, "Iwe Sawsen, watibweretsera nyale kapena chigayo?" Kanayamba kabuluu, kenako nyumba yonse ngwee ngati masana. Bambo anatola ulusi uwiri, kuuyang'ana, n'kutuluka nawo panja mwachizolowezi. Pobwerera sanandiyang'ane n'komwe, anangoloza kapeti yapakhoma imene a Hedi amanyadira.

"Bwana, maluwa awa ndi awo sanatuluke mumphika umodzi wa utoto. Anasankha ulusi ndani?"

"Ndine," anatero a Hedi chapansipansi.

Azimayi oluka anaseka mpaka misozi. Nyaleyo ikhala, bambonso akhala.

Tsono pali kanthu kena. Loweruka ndikuyesa, kachida kotulutsa mafunde kanapsa. Mukukumbukira uvuni munatumizira amayi pa Idi uja? Ndinazulamo kachida kake n'kuika mu nyale. Kunjaku uli bwinobwino, kansalu kake kali pamwamba. Mwayi wake amayi amauopa, sanauyatsepo, amangoonetsa alendo. Chonde pobwera mudzanyamule kachida kena kotere m'malo mwa mafuta onunkhira aja, ndipo izi zithere pakati pa ife awiri.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Wa bambo sindilemba ine. Zaka ziwiri zonsezi akhala akundiuza zoti ndikulembereni, koma lero andikokera pansi pa nyale n'kundilanda cholembera.

Ndine mlongo wanu,
Sawsen

Moncef mwana wanga, ndalemba ndekha. Ubwere, udzandipeza ku ntchito.
Bambo ako