Mvula yagwa kwathu ku Dedza

Lachiwiri, Novembala. Tsiku lonse mtima wanga uli m'mwamba.

Mng'ono wanga watumiza mawu pa foni kuti kwathu ku Dedza mvula yagwa, anthu ayamba kubzala. Ine ndili kuno ku Bellville, kunja kwa dziko lathu, kulera mdzukulu. Mbewu yanga ya chimanga chamakolo ndinaipachika kudenga m'khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chikwatiwire sindinaphonyepo mvula yoyamba.

Koma mwana wanga Chisomo wangoyamba kumene ntchito yophika ku Hout Bay, ntchito imene wakhala akuifuna kuyambira kale. Amanyamuka kusanache. Ndikachoka ine, khandali alisiyira ndani? Ntchitoyo ithera pomwepo.

Ndamufunsa madzulo ano ngati ndingapite kwathu kukabzala. Wati, "Amayi, sankhani nokha, ine sindikukakamizani." Bola akanandikakamiza.

Akulemba izi ndi Chisomo yemweyo, poti ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asakonze kanthu. Pano wasiya kulemba, akungondiyang'ana.

Lemba, mwana iwe. Lemba kuti mayi ako aang'ono akatsitse mbewuyo, abzale okha. Koma uwauze asathithikanitse mapando ngati kumunda kwawo, chifukwa nthaka yanga ija...