Maliro a amayi sitinamete

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bembeke tadzuka, koma mwana wanga Rozina sali bwino.

Lachisanu kumsika tayala la lole linaphulika, iye n'kukabisala pansi pa benchi ya mbatata, akukuwa kuti asilikali abwera. Asilikali ake ati? Mwanayu anabadwira kuno, nkhondo ya ku Mozambiki sanaione. Mantha amenewa anayamwa kwa ine.

Mayi wina wa bungwe lothandiza othawa nkhondo wakhala akumujambulitsa zithunzi, koma sizikuthandiza. Dzulo mayiyo anandifunsa kuti, "Kodi kwanu maliro mumawatsiriza bwanji?" Ndinati timameta. "Nanga a agogo ake munameta?" Amayi anamwalira tikuthawa, tinawasiya m'thengo, ndipo mpaka lero palibe wameta. Zoona mpaka atikumbutse mlendo?

Mwini mbumba ndinu, mwambowu sungachitike popanda inu. Ndakulemberani katatu konse, inu mwatumiza wailesi. Kodi wailesi imameta?

Bwerani mvula isanagwe. Mulungu akusungeni. Lumo ndinagula kale, layamba dzimbiri.

Ndine mlongo wanu,
Mariya