Magazi a m'beseni ndi anga

Bambo a ana,

Musakuwe mukaona magazi m'beseni, palibe waphedwa. Ndi anga. Dzino lija ndimati ndilizule ndekha ndi pulayala yanu, koma lathyoka, chitsa chatsalira momwemo. Tsaya latupa ngati ndabisamo dzira, ngakhale madzi sakumezeka.

Dzulo kwa dokotala wa mano ndinafikako ndithu. Ndinanenerera kuti andipatse mapiritsi okha, iye kukaniratu, akuti kuzula basi. Ine amene ogulitsa pamsika amachita kundithawa, apa ndagwa nayo. Nditangoona jakisoni, kachitsulo koboolera mano kaja n'kuyamba kulira, ndinadzuka pampando. Ndinati ndikupita kuchimbudzi, ulendo wa kunyumba unali womwewo.

Pano ndabwerera komweko, pothawira palibenso. Ana muwapatse chakudya, ndavundikira patebulo. Wamng'onoyo musamuuze, paja ndinamukalipira tsiku lija ankalira pampando womwewo.

Akadya, munditsatire. Mukandipeza ndili panja ndikuzungulirazungulira pageti, musataye nthawi n'kundinyengerera. Mundigwire dzanja, mundikokere mkati monga ndinamukokera mwanayo. Ndekha sindilowa, ndikudzidziwa.

Pulayala yanu ndatsuka. Pepani.

Ndine mayi a ana anu