Amayi Akundikaniza Mwana Wanga

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, koma sitili bwino. Pepani zolemba zakhotakhota, ndikulemba mothamanga mwana asanadzuke, ndipo kalatayi ndipatsira woyendetsa lole kuti ikupezeni mawa.

Nkhani ndi ya amayi. Paja ndinawatenga kuti azindilerera mwana ndikabwerera kuntchito. Poyamba ankangoiwala zing'onozing'ono. Makiyi ndinawapezapo m'chitini cha shuga, tinaseka, iwo n'kumati ukalamba ndi mbala yosagwidwa. Tsopano zoseka zatha.

Lachiwiri la sabata yatha masana ndinatuluka kukayanika matewera. Pobwera ndinapeza atakhoma chitseko, mwana akulira m'kati. Nditagogoda anasuzumira pawindo n'kundifunsa kuti ndine yani, ndikufunanji pakhomo pa eni. Achemwali, akuti mwanayu ndi wawo, ati ndi ineyo pamene ndinali khanda. Akumuitana Kachiwala, dzina lija ankandiseka nalo. Ine weniweni akuti ndine mkazi wakuba ana. Mkaka unkachucha mpaka bulauzi kunyowa, ine ndili panja. Chitseko anachita kuchizula kalipentala woyandikana nafe.

Kuchipatala adokotala anandijambulira papepala. Akuti mu ubongo muli timitsempha tambirimbiri timene timapatsirana uthenga pokumana nsonga zake. Mwa amayi mukuunjikana chinthu chomata, akuti amiloyidi, ngati zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Chimenecho chikuwononga pokumanirapo, uthenga sukudutsa, ndipo timitsemphato tikufa pang'onopang'ono. Zatsopano ndizo zimayamba kufufutika, zakale n'kutsala. N'chifukwa chake akukumbuka khanda lawo, koma ine wamkulu ayi. Ndinafunsa ngati sangatsuke. Anati ayi, mankhwala alipo ongothandizira, koma matendawo azipitirira. Anati si ufiti, si mwano, ndipo ndisamakangane nawo.

Ndiye pano ndimayamwitsa mwana wanga mochita kupempha. Ndimaodira m'nyumba mwanga momwe, n'kunena kuti ndine woyandikana nawo, ndamva kuti mkaka wawo wauma. Amandipatsa, n'kukhala pambali maso ali tcheru. Ndikamaliza amandithokoza, ati ndine mayi wa mtima wabwino, amene anandibereka anadala. Ndimakalirira kubafa.

Koma dzulo ndinawapeza akufuna kumumwetsa tiyi wotentha ndi supuni, mwana wa miyezi inayi. Bambo ake a mwana akwiya koopsa. Akuti Loweruka amayi awakweza basi okha, kaya akatsikira kuti. Sindikuwada, nawonso ali ndi mantha. Tchuthi changa chatha, Lolemba akundifuna pamakina osokera. Ndimusiyira ndani?

Chopempha changa n'chimodzi. Bwerani Loweruka lisanafike, mudzawatenge. Inu amakutchulanibe, mwina nkhope yanu aidziwa. Musadzawauze kuti mwanayu si wawo, amakuwa mpaka kunjenjemera. Mudzangoti khandalo alisiye kwa mayi woyandikana nawo uja, kutanthauza ineyo, masiku ochepa, mwina inu angakumvereni.

Ndikudziwa kuti kwa iwo tikhala tikuwalanda mwana, ndipo mwana tikuwalandayo ndine. Koma ndikawasiya awiri m'nyumba muno, ndidzaika wanga m'manda.

Moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amalume musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Ndine mng'ono wanu,
Make khanda