Njoka Zomwe Ndinapha

Bwanje, Ntcheu

Wokondedwa mwana wanga Chifuniro,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Mangalandeko, iwe ndi mpongozi wanga Sheila. Kuno tilipo. Mpunga wayamba kucha, ndipo mwana wako Tawina yunifolomu ija yamuthina kale.

Ndalemba chifukwa pafoni paja ndinkangoti eya, eya, koma sindinatolepo kanthu. Unati matenda ako am'matumbo aja, otsegula magazi, madokotala akuti ndi thupi lako lomwe likudzimenya lokha. Unatinso akuyesa kukuchiza pokuika tiana ta njoka zam'mimba pamkono, kuti asilikali am'thupi apeze mdani weniweni, aleke kuluma mwini wake.

Chifuniro, njoka? Unakwera ndege kukafuna zinthu zomwe kuno timangoziponda kuseri kwa chimbudzi?

Ndinapalasa njinga mpaka ku Sharpevale kukafunsa a Raymond, azaumoyo aja. Anayamba aseka kaye. Kenako anati anamvapo kuti kunjako akufufuzadi zimenezo, koma njoka zake n'zochepa ndiponso zoyang'aniridwa, osati zathu zakunozi zomwe zimamaliza ana magazi. Ndinabwerako mutu utaima kuposa popita.

Chikundidya mumtima ndi ichi. Unanena mwanthabwala kuti mwina unakula mwaukhondo wopyola muyeso. Iwe unaseka, ine tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Ndine ndinkakukwapula ukalowa m'munda wa mpunga wopanda nsapato. Ndine ndinkakumwetsanso mapiritsi a njoka, kusukulu atakumwetsa kale. Unkanditcha wankhanza, koma chifukwa chake sindinakuuzepo.

Mlongo wako Lufina, amene anamwalira iwe usanabadwe, timakuuza kuti anali malungo. Sanali malungo. Mimba inatupa, zikhatho zinayera mbee, ine n'kumati mwana wakhuta. Pofika naye kuchipatala magazi anali atatha. Ndinalumbira pamanda pake kuti njoka sidzagonanso m'mimba mwa mwana wanga.

Lero ukundiuza kuti zomwe ndinapha zija mwina ndizo zikanakuteteza. Nanga mayi azitani? Kodi ndinakupulumutsa kapena ndinakudwalitsa?

Lachiwiri kusukulu anagawa mapiritsi aja. Tawina ndinali nditamuuziratu kuti asameze piritsi lake, abwere nalo kunyumba. Ndinalimanga pansonga ya chitenje masiku atatu, osadziwa chochita nalo. Dzulo pomusambitsa ndinatembenuza zikhatho zake, ndipo ndinaona ngati zikuyera. Mwina ndi maso okalambawa. Ndinamasula mfundo ija, ndinamumwetsa.

Ngati ndalakwanso, undikhululukire kawiri. Za madokotala akozo sindizidziwa, mwana wanga. Ine ndimadziwa pomwe pagona Lufina.

Mulungu akuchize, kaya ndi njokazo kaya ndi china. Undiperekere moni kwa Sheila, ndipo umuuze kuti tsiku lililonse azikutembenuza zikhatho n'kuziyang'ana bwinobwino.

Ndine mayi ako,
Eliness